Mathero Amene a Matewere Anasuta

Amayi,

Kodi uko muliko mukudzukako bwanji? Mwendo uja unakuvutani chaka chomaliza unaleka kutupa? Ine ndimadziuza kuti unaleka, chifukwa ndikaganiza kuti mukutsimphinabe ngakhale kumeneko, mtima umandipweteka. Kuno ku Makokoba, lokishi yathu ya anthu akuda m'Bulawayo, tilipo, kungoti kutopa. Ndikulemba Lamulungu masana, ndili pakhonde pamene munkakonda kusankhira nyemba, mapazi ndawaviika m'beseni chifukwa sabata yonse ndaimirira ku hotela kuja.

Ndiyambe ndi chachikulu, mungandinene kuti ndimazungulira nkhani ngati malemu bambo. Phukusi lanu labwerera. Ndikunena lija munamanga nokha musanatisiye, la nsalu yanu yakuda, mkanda wa m'khosi ndi kabuku ka nyimbo, n'kutilamula kuti likafike kwa Kamtedza m'manja mwa atsibweni a Lifa, kuti abale anu akakulireni maliro kwanu. A Matewere, mkulu wa adzukulu m'bungwe lathu la maliro, analitenga popita ku Nyasalande pa tchuthi chawo cha ku njanji. Abwera nalo. Lili pansi pa bedi, mfundo yake ndi yomwe ija munamanga inu. Chifukwa chake ndikuuzani, koma mundilole ndiyambe ndapuma, ndikuuzeniko zopepuka.

Mpongozi wanu MaSibanda anabereka bwinobwino, mwana wamkazi. Tamutcha Esinati, dzina lanu. Watenga chipumi chanu, ndiponso akamayamwa amachita tsinya ngati mmene munkachitira inu wogulitsa nsomba akakutchulirani mtengo. Mlongo wake Jemusi wakula, mano akutsogolo agweruka. Ndikamuyankhula Chinyanja amamva zonse, koma amandiyankha m'Chindebele cha amake. Ndinayesa kumukalipira, kenako ndinatopa nazo. Amakufunsani. Akuti gogo anapita ndi maswiti ake.

Kadimba kanu ka kumtsinje kaja chaka chino katichititsa manyazi. Mvula yatikana. Chimanga chinafika m'mawondo n'kupsa, ndipo chimene chinatsala apolisi a lokishi anachithyola, akuti mukubisala akuba. Tinapeza maungu angapo ndi nkhwani zokwana kufutsa pang'ono, basi. Ufa umene ukugulitsidwa m'sitolo ndi wachikasu, wonunkha thumba. Mukanauona mukanati ndi gaga wa nkhumba, koma tikudya, tidyanso chiyani.

Ndiye pali nkhani ya tsitsi. Titakuikani m'manda tinameta koyamba monga mwa mwambo, koma kumeta kwachiwiri ndinati kudikire mpaka phukusi lifike, kwanu alire, uthenga ubwere. Kuyambira pamenepo lumo silinandikhudze. Tsono mukudziwa kuti ife operekera zakudya pa hotela timavala kachisoti kofiira kaja. Tsitsi lakula mpaka kachisoti kamangokhala pamwamba ngati nkhuku pa mtanda. Mzungu woyang'anira wandichenjeza kawiri, ndipo ulendo womaliza wanena kuti mwezi uno ukatha ndisanamete ndisabwerenso. Ndinayesa kumufotokozera za maliro. Anandifunsa kuti kodi amayi akowo amwalira kangati. Ine ndinangotola mbale.

Kuti mumvetse za phukusi, ndiyenera kukuuzani za buku lina. Musaseke. Munkati sukulu ya ku mishoni ija inakudyerani nkhuku zambiri, choncho ndiziwerengera anthu kuti nkhukuzo zisapite pachabe. Ndamvera. Nkhondo itatha, anyamata achizungu oyendetsa ndege aja atayamba kubwerera kwawo, mmodzi anasiya buku m'chipinda cha ku hotela, lopanda chikuto, lothimbirira ndi tiyi. Mzungu woyang'anira anati tikalitaye. Ine ndinaliika m'malaya. Lamulungu lililonse tikamaliza msonkhano wa bungwe, tinkakhala pakhonde la Che Saidi atelala, ine n'kumawerenga Chizungucho ndi kumachitembenuzira m'Chinyanja, tsamba ndi tsamba.

Ndi nthano yopeka, Amayi, koma yachilendo. Akuti m'zaka zam'tsogolo azungu anamenyananso, ulendo uno ndi mabomba oposa lija tinamva kuti linafafaniza mzinda wathunthu kutsidya kwa nyanja. Kenako kunagwa phulusa ngati mvula, ndipo aliyense amene analipuma anafa. Mumzinda waukulu munatsala munthu mmodzi, wokonza mawotchi, amene tsikulo anali m'chipinda cha pansi pa nthaka. Atatuluka anapeza anthu ali ngundangunda m'misewu, m'masitolo, m'matchalitchi. Iye n'kumangoyenda, kumadya zam'zitini, kumagona nyumba imene wafuna. M'mawa uliwonse ankakwera pamwamba pa nyumba ya boma kukapukusa wotchi yaikulu, ngati ija ya m'tauni muno, kuti isaime, ngakhale kunalibe woyang'ana nthawi.

Mukanaona mkangano umene bukuli linabweretsa. Anthu amene sagwirizana ngakhale pa mtengo wa bokosi la maliro, apa ndiye anapezerapo pokanganira pabwino.

Che Saidi analikonda. Iwo ankati munthu ameneyu ndi wanzeru, chifukwa amene wasiya kusunga nthawi wasanduka nyama. Ankayimitsa makina osokera n'kunena kuti, "Achimwene, ngakhale nditatsala ndekha m'Bulawayo muno, nthawi ya swala ikakwana ndiswali. Wotchiyo ndiyo pemphero lake. Werengani, tamva!"

Mai Nambewe, anzanu aja munkatunga nawo madzi pampopi, iwo ankangopukusa mutu. Tsiku lina anandidula pakati n'kufunsa kuti, "Mwanawanga, tawerenga milungu ingapo tsopano. Munthuyu wafunafuna mafuta a galimoto, wafunafuna mfuti, wafunafuna nsapato. Amake sanawafune? Kapena anachita kuphulika m'mwala?" Ndinabwerera m'mbuyo kufufuza masamba onse, koma za amake munalibe. Kuyambira tsikulo Mai Nambewe ankamutchula kuti mwana wa mwala.

Mpongozi wanu sankakhala nafe, ankamvera ali chapatali ndi mimba yake ija. Koma madzulo ena, akundipatsa madzi osamba, anandiuza zimene sindinaziiwale. Anati, pondiitana kuti bambo a Jemusi m'Chindebele chake, "Seka Jemusi, buku lakoli likuopa chinthu chimene chinachitika kale. Gogo wanga anaona mudzi wa mfumu ukupsa, kenako ng'ombe zonse zinafa mpaka m'khola munamera udzu. Kwa iye dziko linatha chaka chimenecho. Koma m'mawa mwake anadzuka n'kupita kukatunga madzi." Ine ndinati nanga bwanji sanalembe buku. Anati analibe nthawi, ana anali ndi njala.

Koma amene anakwiya zenizeni ndi a Matewere. Mukuwadziwa, ndi amene anakumba manda anu, n'kukana kupumula mpaka atafika pa dothi lofiira. Iwo chinawanyansa n'chakuti munthu uja ankalumpha mitembo popita kukapukusa wotchi yake. Ankamenya ndodo pansi n'kumati, "Fosholo alibe? M'sitolo zonsezo mulibe fosholo? Munthu wathanzi, wodya nyama yam'chitini tsiku ndi tsiku, osakwirira ngakhale kamwana kamodzi! Ameneyu si munthu, ndi fisi wovala buluku." Che Saidi akati nanga mzinda wonse angaukwirire yekha, iwo ankati ayambe ndi mmodzi, enawo Mulungu awerenga. Ankanyamuka mokwiya, koma Lamulungu lotsatira ankakhala oyamba kufika.

Tinafika pamene munthu uja, ali pamwamba pa wotchi yake, anaona utsi ukufuka kutali kutsidya kwa mtsinje. Anatsika, n'kumanga kathumba, n'kuyamba ulendo. Dzuwa linali litapendeka, ndiye tinati mathero tidzamva sabata yamawa. A Matewere anati awasungire bukulo ndi iwo, poti kwanga kuno Jemusi amang'amba chilichonse. Sabata itakwana anabwera nalo lopepuka. Masamba onse akumapeto kulibe. Amayi, anapichirira fodya! Titawafunsa sanachite ngakhale manyazi. Anati pepala lake ndi lofewa bwino, ndipo munthu wosaika maliro sayenera kufika kumene akupita. Anati, "Ndamusuta, ndipo sanakome n'komwe."

Che Saidi anakhala milungu iwiri osawayankhula. Enafe tinaseka mpaka misozi, kenako aliyense anayamba kupeka mathero ake. Che Saidi anati kumene kunali utsiko anakapeza anthu opemphera. Mai Nambewe anati anakapeza amake akuphika, ndipo anamukoka khutu. Mpongozi wanu anati linali tchire chabe likupsa lokha. Posakhalitsa tchuthi cha a Matewere chinakwana, ndipo ndinawaperekeza ku siteshoni nditanyamula phukusi lanu pachifuwa. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndikuti tsopano amayi akupita kwawo.

Munkakonda kunena kuti kwanu n'kumene kuli manda a amako. Munkanena mawu amenewa bambo akayamba zoti tikhazikike kuno, munkanenanso pamene ine ndinkakwatira mkazi wa kuno. Manda a amayi anu ali kwa Kamtedza, choncho inu Bulawayo simunamuwerengere ngati kwanu ngakhale tsiku limodzi, ngakhale munakhalamo zaka zonse zija mukuchapa zovala za azungu. Mawu oti matchona munkadana nawo ngati mankhwala owawa. Munkati ife si otchona, tangochedwa.

A Matewere anabwera Lachinayi lapitali. Ndinawapeza pakhomo pano pochokera ku ntchito, atakhala pa mpando wanu, phukusi lili pamiyendo. Aonda, Amayi. MaSibanda anali atawapatsa tiyi koma anali asanamukhudze. Nditawapatsa moni sanayankhe za ulendo. Anandifunsa kuti, "Eliya, munthu wa wotchi uja anakafika?" Ine ndinayesa nthabwala, ndinati bambo, mathero ake ali m'chifuwa mwanumo, munawasuta nokha. Sanaseke.

Anandiuza kuti anatsika sitima ku Limbe, n'kuyenda wapansi kulowera ku Thyolo monga munawalongosolera. Mtsinje anaupeza. Mwala waukulu uja munkati mumachapirapo anaupeza. Atakwera chitunda, pamene panayenera kukhala nyumba, anapeza tiyi. Mizere ya tiyi kuchokera kumtsinje mpaka kuphiri, yobiriwira bwino, yosadukiza. Palibe nkhokwe, palibe khola, ngakhale mtengo wa mango uja munkati munabzala muli mtsikana. Anazungulira akuganiza kuti asochera, mpaka anaona msitu wa kumanda. Umenewo wokha ndi umene watsala, uli chiimire pakati pa tiyi, chifukwa olemba ntchito atalamula kuti udulidwe anthu anakana kugwira nkhwangwa.

Mayi wina wothyola tiyi, wobwera, ndiye anawauza. Akuti eni esiteti anafuna malo, ndipo mudzi utakana thangata anaupatsa nthawi yoti usamuke. Anthu anabalalika. Ena anatsikira ku chigwa cha Shire, ena anawolokera kwa Apwitikizi, ena analowa m'makomboni a maesiteti ena. Za atsibweni a Lifa, mayiyo anamva zoti anadwalira m'njira, koma sakudziwa ngati anachira kapena kumene anaikidwa. A Matewere anatha theka la tchuthi chawo akufunsa m'misika ndi m'matchalitchi. Dzina la Kamtedza ena ankalikumbukira, koma palibe anatha kuloza khomo ngakhale limodzi.

Amayi, mudzi wathu kulibe. Ndalemba mawu amenewa ndipo ndakhala nthawi yaitali ndikungowayang'ana. Madzi a m'beseni azizira.

A Matewere anati anabwerera kumsitu kuja ndi phukusi, akuganiza zolikwirira okha pafupi ndi amayi anu. Anabwereka khasu. Koma atafika m'mphepete mwa msitu anaima. Manda a eni ake salowa mlendo yekha, popanda mwini mbumba womutsogolera, popanda mayi ngakhale mmodzi woyambitsa kulira. Ndani akanawaonetsa pamene agona amayi anu? Ndani akanawasambitsa m'manja potuluka? Anaima pamenepo mpaka kapitawo wa esiteti anabwera kudzawafunsa chimene akufuna m'munda mwa bwana.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, ine ndakumba manda zaka zonsezi, ndimayesa ndimakumba ndi mikono yangayi. Ndinaima paja khasu lili m'manja, mikono ili yomweyi, koma sindinathe. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinatulutsa wotchi yanga ya ku njanji n'kuyang'ana nthawi. Munthu uja ndinamutukwana pachabe. Maliro n'kulirana, munthu mmodzi saika maliro." Atatero anandipatsa phukusi ndi manja awiri, n'kupepesa ngati kuti mudziwo anaupasula ndi iwo.

Sindikubisirani, ndatopa. Ndatopa ndi kuimirira, ndatopa ndi kumwetulira anthu amene sadziwa dzina langa, ndipo tsopano ndatopa ndi kuganiza. Zaka zonsezi ndikamanyamula mbale ndinkadziuza kuti tsiku lina ndidzakwera sitima, ndidzamanga nyumba pafupi ndi mango anu aja, Jemusi adzaphunzira kuyankha m'Chinyanja. Sindinkadziwa kuti ganizo limeneli ndi limene linkandiimiritsa. Lachisanu ndinagwetsa mbale ya supu pamaso pa alendo, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire ntchito.

Dzulo a bungwe anabwera kuno osaitanidwa. Tinakhala pabwalo, phukusi lili pakati. Ena anati tidikire, mwina wina wa kwa Kamtedza adzatulukira kuno kudzafuna ntchito. Ena anati tilitumizenso chaka chamawa. Mai Nambewe anawasiya onse alankhule, kenako anati, "Tidikire ndani? Amene ankadziwa kuseka kwa Esinati ndi ife. Amene ankabwereka mchere kwa iye ndi ife. Ngati abale ake kulibe, ndiye kuti abale ake ndi ife." Che Saidi, amene sapemphera nafe, anati nsalu yokulungira phukusi asoka iwo, ndipo sakufuna kumva za malipiro. Mpongozi wanu anati amalume ake abweretsa mbuzi kuchokera kumudzi kwawo. Ndinamuyang'ana, mkazi amene munamukana chaka chathunthu chifukwa sankadziwa kuphika nkhwani zotendera.

Ndiye tagwirizana chonchi. Loweruka likubwerali tidzakulirani kuno. Mowa sitingafulule, mukudziwa malamulo a lokishi, koma Mai Nambewe aviika kale chimera cha thobwa. A Matewere adzakumba kadzenje kumutu kwa manda anu, tidzaikamo phukusi lanu losamasula. Azimayi adzalira monga akanalirira kwa Kamtedza, ndipo ndawapempha kuti polira atchule mayina a amayi anu, a atsibweni a Lifa, ndi a mudzi womwewo, kuti Jemusi amve. Tikachoka kumeneko a Matewere adzandimeta. Lolemba ndidzapita ku ntchito kachisoti katakhala bwino, mzungu adzayesa kuti wandigonjetsa. Musiyeni ayese choncho.

Ndikudziwa kuti si zimene munapempha. Munapempha kwanu, ine ndikukupatsani manda a lokishi, pafupi ndi njanji, pakati pa anthu a mitundu yonse amene simunkamva zinenero zawo. Ngati mwakwiya, mubwere kutulo mudzandikalipire ine, ana musawavute. Koma ndikupempheni muganizire mawu anu omwe. Munkati kwanu n'kumene kuli manda a amako. Inu munkanena za Kamtedza, ndikudziwa. Koma ine manda a amayi anga ali kuno. Ndakhala ndikulira kuti ndilibe kwathu, chonsecho munandipatsa kale tsiku lija tinakuikani. Mwina simunafune, koma mudzi mwauyambitsa ndinu.

Dzulo lomwelo, anthu akubalalika, a Matewere anandikokera pambali n'kundiuza kuti popeza mathero anawasuta ndi iwo, ine ndipeke ena, ndidzawerenge Lamulungu likubwerali ngati kuti alembedwa m'bukumo. Ndavomera. Munthu wa wotchi uja adzafika kumene kunali utsi. Sadzapeza amake, sadzapeza aliyense womudziwa. Adzapeza anthu ochepa, otopa, olankhula chinenero china, akukumba dzenje. Palibe adzamufunse kumene wachokera. Mmodzi adzangomupatsa fosholo. Ndikudziwa kuti Che Saidi adzati nanga wotchi ija, ndipo Mai Nambewe adzati bwanji sanawapatse moni poyamba. Azikangana, ndizo zimatisunga.

Esinati wadzuka, akulira, ndipo amake apita kumpopi. Ndilekere pano. Mupereke moni kwa bambo, ndipo ngati atsibweni a Lifa afika kale kumeneko, muwauze kuti tinawafunafuna. Ndikulonjeza kuti manda anu sadzamera udzu ine ndili moyo, ndipo mwanayu akadzayamba kuyankhula ndidzabwera naye kuti adzakupatseni moni m'Chinyanja, ngakhale atakhala mawu awiri okha. Loweruka tikubwera tonse. Mutidikire pakhomo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eliya